Ku Zomba ndi amalume, kukaonerera koleji ya zaka 10

Lachitatu

Tafika ku Zomba dzuwa litapendeka. Minibasi tinakwerera ku Limbe. Mtunda wake sukwana makilomita 70, koma kondakitala amaimitsa paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndipo pa Thondwe tinakhalitsa kudikira matumba a nandolo kuti awamange kumbuyo. Ndili ndi amalume, alongo awo a mayi, omwe anapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa kusekondale kalekale. Watiitana ndi mng'ono wanga. Iyeyu amaphunzitsa pa kakoleji kena ka mpingo kunja kwa tauni, ndipo Loweruka likubwerali kolejiyo ikukondwerera kuti yatha zaka 10. Dzina lake ndilisunga, poti mwina ndinenapo zina zosakomera eni ake.

Amalume sanabise maganizo awo. Tisanafike n'komwe pa Namadzi anali atanena kale kuti makoleji a masiku ano akungomera ngati bowa wa m'dzinja, munthu akapeza zipinda ziwiri ndi chikwangwani basi wayamba kupereka madipuloma. Ndinawafunsa kuti nanga abwereranji.

"Mwana wa mlongo wako akakuitana sukana," anatero. "Komanso ndikufuna ndikaone ku Chirunga maso adakaona."

Tikugona ku Matawale, m'nyumba ya lendi ya mng'ono wangayo. Kukutentha. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa m'misewu yakale ya m'tauni, koma phiri likufuka utsi, ndipo usiku uno moto ukuoneka ukuyenda chokwera m'mbali mwake. Mng'ono wanga watilandira ndi mpunga wa matemba a ku Chilwa, kenako watulutsa nsalu ya chikondwerero, yobiriwira, yolembedwa dzina la koleji ndi nambala 10 m'kati mwa bwalo. Yanga ndiisiya kwa telala wa pakhonde mawa m'mamawa. Amalume awagulira gofu, koma akuti aona kaye.

Lachinayi

Lero linali tsiku la amalume. Tinakwera njinga zamoto mpaka pachipata cha yunivesite ku Chirunga, iwo atagwira chipewa ndi dzanja limodzi njira yonse. Chikwangwani tsopano chimangoti University of Malawi, koma iwo dzina lake ndi Chancellor College basi, ndipo anyamata a kabaza nawonso amangoti ku Chanco.

Amalume anayambira maphunziro awo ku Soche Hill College, mu Blantyre, komwe kunkaphunzitsidwa aphunzitsi. Mu 1973 anawasamutsira kuno pamodzi ndi a za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma ochokera ku Mpemba, ndi a Chancellor College eni ake omwe anali ku Chichiri. Magulu atatuwa anasanduka koleji imodzi. Polytechnic inatsala ku Blantyre, Bunda inatsala ku Lilongwe. Nthawi imeneyo likulu la dziko linali likusamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ntchito yomwe inatsimikizika mu 1975, ndipo amalume amati anthu a m'tauni ankaona kolejiyo ngati chipepeso chawo. Maofesi a boma akuchoka, ophunzira akubwera.

Anayenda pang'onopang'ono, akuloza. Apa panali tchire. Mitengo iyi tinaipeza ili timbande. Great Hall, yomwe aliyense amajambulitsapo chithunzi atavala gauni, kunalibe m'masiku awo, inamangidwa pambuyo pake. Akuti mvula yoyamba itagwa, matope ofiira ankalowa nawo mpaka m'kalasi, ndipo amisiri anali akukhomabe zina ophunzira ali m'kati. Ine ndinangoti, "Ndiye kuti inunso munaphunzira pa koleji yosatha kumanga, amalume?" Anandiyang'ana cham'mbali osayankha.

Mbiri ya yunivesiteyi ndi yotere. Inakhazikitsidwa mu 1964, miyezi yochepa dziko litalandira ufulu, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha, m'nyumba zomwe zinamangidwira sukulu ya sekondale ku Chichiri. Woyendetsa wake woyamba anali Ian Michael wochokera ku Britain, Kamuzu ndiye anali Chancellor. Anthu 90 amenewo lero sangadzaze ngakhale kalasi imodzi ya chaka choyamba. Kamuzu College of Nursing inalowa m'banjali mu 1979, College of Medicine inabadwa mu 1991. Kenako ana anayamba kutuluka m'nyumba: Bunda inakhala LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo aja anakhala KUHeS, dzina la University of Malawi n'kutsalira ku Zomba kuno.

Tinakhala pansi pafupi ndi laibulale, pamthunzi, ndipo apa ndi pomwe amalume anamasuka. Akuti m'masiku awo boma linkalipira zonse. Chakudya katatu patsiku ku kafe, chipinda cha anthu awiri, ndi kandalama ka mabuku. Koma pakamwa pankayenera kusamala. Chaka chomwe anasamukira kunocho ndi chomwenso kunabwera lamulo la kavalidwe, loletsa akazi thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. M'kalasi sumadziwa kuti mnzako wakhala nayeyo akapereka lipoti kwa yani. Amakumbukira misonkhano ya madzulo ya gulu la alembi, Writers' Group, lomwe linayamba mu 1970, komwe anthu ankawerengerana ndakatulo zonena za nyama ndi mapiri pomwe aliyense akudziwa kuti akunena za munthu. Mmodzi mwa oyambitsa gululi, Jack Mapanje, anadzamangidwa mu 1987 ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu, konkuno ku Zomba, mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma la Kamuzu, ophunzira a pano anatuluka kukaguba mumsewu kugwirizana nayo ndipo koleji inatsekedwa. Amalume anali kale pa ntchito nthawi imeneyo, koma amaikamba nkhaniyi ngati analipo.

Chomwe sindinkachidziwa ndi cha nyanja ya Chilwa. Yunivesite itangophunzitsa chaka chimodzi chokha, mu 1966, aphunzitsi a sayansi ya zamoyo anayamba kafukufuku pa nyanjayi, ndipo anapitiriza kwa zaka 10. Ali m'kati mwa ntchitoyo nyanja inaphwa mu 1968, iwo akuona, kenako inadzazanso, ndipo analemba momwe matemba ndi zamoyo zina zinabwererera kuchokera m'mitsinje ndi m'madambo. Itaphweranso mu 1995, panali poyambira. Kwa ine iyi ndiyo ntchito ya koleji ya m'dera, kudziwa nyanja yomwe anthu ozungulira amadyerapo.

Pobwerera tinadzera ku Chikanda. Kumeneko ndiko kumagona ophunzira ambiri masiku ano, poti mahositelo a pasukulu anachepa kalekale. Nyumba zagundana, khomo lililonse mbaula ili panja, ndipo alandilodi awonjezera tizipinda mpaka pomwe panali dimba. Tinagula chipisi pachiwaya. Mtsikana wina yemwe anali patsogolo pathu pamzere anatiuza kuti akudikira ngongole ya boma ya ophunzira kuti alipire lendi. Amalume anamulipirira chipisicho, ndipo njira yonse yobwerera sanayankhule.

Lachisanu

M'mamawa tinathamangira ku Domasi, msewu wa ku Liwonde, kudutsa Chinamwali ndi Songani. Amalume anali ndi mnzawo woti amuone, ine ndinangoyendayenda. Domasi ndi malo akale a maphunziro. Mishoni ya Asikoti inafika mu 1884, boma la atsamunda linatsegula sukulu ya Jeanes mu 1929 yophunzitsa aphunzitsi ndi mafumu pamodzi ndi akazi awo, ndipo Malawi Institute of Education, komwe kumakonzedwa masilabasi, ili konko. Domasi College of Education inayamba mu 1993, kuphunzitsa aphunzitsi a kusekondale. Chaka chotsatira sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Gulu limenelo litayamba kufika ku sekondale, makamaka ma CDSS atakhazikitsidwa, aphunzitsi oyenera anasowa, ndipo ambiri omwe ankaphunzitsa kumeneko anali a pulayimale. Ndi Domasi yomwe inawakweza ambiri a iwo, akuwerengera kwawo n'kumabwera kuno patchuthi. Anthu satchula kawirikawiri kolejiyi akamakamba za Zomba, koma mwana wa kumudzi amene anakhoza MSCE pa CDSS mwina anadutsa m'manja mwa munthu wa ku Domasi.

Masana ndi pomwe ndinaona koyamba koleji ya mng'ono wanga. Ili pamtunda pang'ono kuchokera pamsewu wa phula, ndipo fumbi lake si lamasewera. Tinapeza piringupiringu. Anyamata akukhoma matenti, ena akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira ndi matsinde a mitengo, kwaya ikuyeserera pansi pa mtengo wa mango, wa zokuzira mawu akungobwereza kuyesa maikolofoni. Pali midadada itatu ya makalasi, hositelo ya atsikana, kalabu ka makompyuta, ndi maziko a holo omwe udzu wamerapo.

Mng'ono wanga sananditengere ku zatsopanozo. Ananditengera kuseri, ku kanyumba ka malata a dzimbiri komwe tsopano amasungiramo makasu ndi mipando yothyoka. Imeneyi inali nkhokwe ya mpingo yosungiramo chimanga ndi feteleza, ndipo ndimo munali kalasi yoyamba. Bolodi lake likadalipo, ndi khoma lomwe analisalaza ndi simenti n'kulipaka utoto wakuda, pakona lang'aluka. Mazenera ndi awiri, aang'ono, okwera pafupi ndi denga monga zimakhalira nkhokwe. Akuti mvula ikagwa pamalata mphunzitsi ankasiya kuyankhula n'kumangolemba. Pakhomo pali mzere wa misomali pomwe ophunzira ankakolekapo matumba awo poopa chiswe.

Kukhitchini tinapeza mayi wina wachikulire akuyang'anira atsikana osankha mpunga m'malichero. Mng'ono wanga anagwada powapatsa moni, inenso ndinatero. Amayiwa ndi a m'mudzi womwewo. Chaka choyamba koleji inalibe khitchini kapena hositelo, ndiye atsikana ena ankagona kwawo, ndipo iwo ankaphikira gulu lonse pamafuwa kuseri kwa nyumba yawo.

"Ena ankalipira ndi chimanga, mwanangu," anandiuza. "Wina anabwera ndi mbuzi. Ndinkati bola aphunzire, za ndalama tidzaonana."

Ndinawafunsa ngati mawa akhale kutsogolo ndi alendo. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Nanga mpungawu aphike ndani?"

Diresi yanga telala wamaliza, koma wathinitsa m'khwapa.

Loweruka

Pa pologalamu analemba kuti mwambo uyamba 9 koloko. Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa lili pamutu. Nthawi yonseyo ophunzira anali ataima pamzere padzuwa kuyambira pachipata, atavala nsalu yawo, ndipo mtsikana mmodzi anachita chizungulire mpaka kumunyamula. Khalidwe ili lotopetsa ana chifukwa cha munthu mmodzi sindidzalizolowera. Chomwe chinatipulumutsa ndi magule. Abambo a beni anabwera ndi mayunifolomu awo a khaki ndi mamendulo a zitsekerero za mabotolo, akuguba mwa usilikali, wotsogolera akuliza wezulo, ndipo amayi a manganje atalowa m'bwalo ngakhale abusa anayamba kugwedeza phewa. Amalume anavala gofu ija, koma pamwamba anaphimba ndi jekete.

Zoyankhula zinali zisanu ndi ziwiri. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga tinaumva kwa anthu atatu osiyana, aliyense akuunena ngati waupeza yekha. Anathokoza abwenzi akunja omwe anamanga hositelo, anathokoza kampani yomwe inapereka makompyuta, anathokoza mlendo wolemekezeka chifukwa chopatula nthawi yake. Mlendoyo analonjeza matumba a simenti a holo ija, anthu n'kuwomba m'manja, koma mphunzitsi yemwe ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti maziko amenewo anayalidwa ndi lonjezo ngati lomweli.

A pulinsipolo ndiwo anayankhula zomveka. Sanabise kuti zaka zoyamba zinali zowawa chifukwa cha nkhani ya kuvomerezedwa. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayendera makoleji kuona ngati ali ndi aphunzitsi a maphunziro okwanira, mabuku, zipinda ndi zimbudzi, lisanalembetse koleji ndi kuvomereza maphunziro ake. Oyendera atabwera ulendo woyamba anawabweza. Anati laibulale ndi shelefu chabe ndipo aphunzitsi ambiri ndi aganyu ochokera kwina. Makolo ena atamva anachotsa ana awo, ndipo sungawadzudzule, chifukwa pepala losavomerezeka ndi ndalama zotaya. Aphunzitsi otsalawo anakhala miyezi osalandira malipiro athunthu. Mng'ono wanga anali mmodzi wa iwo, ndipo ndikukumbuka kuti nthawi imeneyo kunyumba tinkamuuza kuti asiye akafune ntchito m'boma. A pulinsipolo anati ulendo wotsatira oyenderawo anapeza zinthu zasintha, ndipo ananyamula satifiketi yake m'mwamba, ili mu felemu. Apa amalume anawomba m'manja koyamba.

Kenako panachitika chinthu chomwe pa pologalamu chinali mzere umodzi wokha. Anabweretsa kaundula woyamba, buku lachikuto cholimba lomwe msana wake anaumata ndi selotepi, ndipo mlembi wa koleji anayamba kuitana mayina a kalasi ya m'nkhokwe ija, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Woitanidwa amayankha kuti "Ndilipo!" n'kunena komwe ali. Wina akuphunzitsa ku Mayaka. Wina ndi mlangizi wa chitukuko ku Machinga. Wina amasunga mabuku a ndalama a kopaletivu ya alimi a mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mayi wina anayankha ali ndi mwana kumbuyo, n'kunena mosabisa kuti ntchito sanaipezebe, akugulitsa kaunjika ku Songani, ndipo anzake anamuimbira nthungululu kuposa onse. Mayina awiri atatchulidwa panalibe woyankha, mlembi anangoti anatisiya, anthu n'kuvula zipewa. Ndinaona kuti pafupifupi onse akugwira ntchito m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Ambiri anali anthu omwe anakhoza MSCE koma sanasankhidwe ku yunivesite za boma, komwe malo ndi ochepa kuyerekeza ndi okhoza, ndipo makolo awo sakanatha kuwalipirira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kukanapanda kakoleji koyenda pansi kuchokera kwawo, akanathera pa Fomu 4.

Wotsiriza kuitanidwa, bambo wamtali wa ndevu, atayankha sanakhale pansi. Anapempha woyendetsa mwambo kuti amupatse mphindi imodzi, n'kupita kukhitchini. Anabwera atawagwira dzanja amayi aja, ali ndi chitenje chakuda ndi utsi, chikombe chili m'manja, akukana njira yonse. Kalasi yonse inaimirira n'kuyamba kuwafupa, ndalama zikugwera m'lichero lomwe wina anathamangira kukatenga. A gulupu, omwe anapereka malo omangapo koleji ndipo sanapatsidwe mpata woyankhula, anadzuka nawonso kukaponya yawo. Mlendo wolemekezeka anayang'ana wotchi, kenako anaitana womunyamulira chikwama.

Anadula keke, anadzala mtengo wa m'bawa, ndipo mpira wa aphunzitsi ndi ophunzira unatha aphunzitsi atagonja mochititsa manyazi. Chakudya chinakwanira onse, ngakhale ana a m'mudzi omwe anali pampanda. Mpunga, nyama ya mbuzi, kabichi ndi thobwa.

Madzulo ndinawasowa amalume. Ndinakawapeza mu laibulale, magalasi ali pamphuno, akutulutsa buku limodzilimodzi n'kumayang'ana chaka chomwe linasindikizidwa. Ambiri ndi mabuku opatsidwa kuchokera kunja, ena a malamulo a misonkho a ku America, ena a ulimi wa tirigu. A mbiri ya Malawi anawapeza owerengeka. Anafunsa mnyamata woyang'anira kuti ophunzira amawerenga chiyani, iye anawaonetsa foni yake, momwe muli manotsi omwe amatumizirana pa WhatsApp.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi tinapeza galimoto yotikweza kuphiri. Tinaima pa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa tauni yonse, kenako tinafika pa Emperor's View, pomwe anaimapo Haile Selassie mu 1965, chaka chomwe ophunzira 90 aja ankayamba ku Chichiri. Chifukwa cha utsi nyanja ya Chilwa imangooneka mbuu, Mulanje osaoneka n'komwe. Malo ambiri omwe kunali paini tsopano ndi zitsa. Tinagula masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, atatsitsa mtengo kawiri.

Mkangano unabuka potsika. Amalume analengeza kuti mabuku awo onse, omwe ali m'mathiranki awiri ku Chilomoni, akuwapereka ku kolejiyo. Ndinkayembekeza kuti mng'ono wanga agwada kuthokoza. Iye anati, "Zikomo amalume, koma ndibwere ndidzasankhe ndekha. A mbiri, a Chichewa ndi a maphunziro ndidzatenga. A sayansi a m'ma 1970 oyendera akadzawapeza pashelefu adzatidula mamakisi."

Amalume anati masamu sakalamba. Iye anati masamu adzatenga, koma chomwe laibulale ikusowa kwenikweni ndi mabatire a sola ndi intaneti yodalirika, chifukwa magetsi akazima kalabu ka makompyuta kamangokhala chipinda chosungiramo fumbi. Amalume anati iwo si kampani ya magetsi. Anakangana mpaka ku Matawale, ndipo pomaliza anagwirizana kuti abwera kumapeto kwa mwezi, ndipo buku lililonse lomwe alikane afotokoze chifukwa chake pamaso pawo.

Ntchito yopeza galimoto yonyamula mathirankiwo yagwera ine. Ngati alipo amene amayenda ndi pikapu yopanda katundu kuchokera ku Blantyre kupita ku Zomba chakumapeto kwa mwezi uno, andiuze, mafuta tigawana. Minibasi yathu tikwera mawa 6 koloko, amalume akufuna akafike msanga ku banki za penshoni yawo.